Tinakapeza zinyalala zathu ku Chikwawa

Tinanyamuka ku Ndirande kusanache, ife a gulu losamalira mtsinje wa Nasolo, minibasi imodzi yodzaza. Titangotsika zitunda kufika pa Thabwa, kutentha kwa kuchigwa kunatilonjera. Anzathu a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anatilandirira pansi pa mtengo wa nimu.

Anayamba kutionetsa chipilala choyezera madzi m'mbali mwa mtsinje. Chili ndi penti wa mitundu itatu: wobiriwira m'munsi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Madzi akafika pachikasu, woyang'anira amaimbira foni midzi ya kumunsi kuti ayambe kulongedza ndi kusamutsa mbuzi. Akakhudza pofiira, zimalira ndi wenzulo ndi chimkuzamawu, aliyense ulendo wa kumtunda, agogo ndi ana patsogolo. Mayi ena anatiuza kuti mu Januwale 2015 madzi anawapeza ali m'tulo, koma pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 uthenga unawafika madzi asanalowe m'mudzi. Katundu anapita ndithu, koma banja lawo lonse lilipo.

Ine chimene chandikhala pamtima ndi zimene tinaona pa mtsinje wa Likhubula. M'bango monse munali mutakodwa majumbo, mabotolo apulasitiki ndi matewera a ana otaya. Amfumu sanatikalipire. Anangotola kamtengo n'kujambula pansi: Nasolo amathira mu Mudi, Mudi mu Likhubula, Likhubula mu Shire. Kenako anatifunsa mwaulemu ngati zinthuzo tikuzizindikira. Tonse tinangoti zii, chifukwa ena mwa ife tomwe timakhuthula zinyalala mu Nasolo usiku.

Anatilozeranso mchenga umene wakwirira mtsinje. Mapiri athu, kuphatikizapo la Ndirande, tinawameta mpala, ndiye dothi lonse limatsikira kwa iwo. Mtsinje ukakwiririka, madzi amasowa njira n'kumwazikira m'minda ndi m'zitsime, atasakanikirana ndi zonyansa za m'tauni. Kolera wa 2022 mpaka 2023 akumukumbukirabe, nafenso kwathu anatilanda anthu. Iwo akubzala nsungwi ndi udzu wa vetiva m'magombe, koma zimenezo sizingatseke zochokera kumtunda.

Tisanatsanzikane tinapatsana manambala a foni. Mvula yamphamvu ikagwa ku Blantyre tiziwaimbira nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Iwonso abwera kwathu mvula isanayambe, ndipo tagwirizana kuti tidzayambire kuwaonetsa pamtsinje kuseri kwa msika, pomwe pali dzala lalikulu lija.