Miura, galimoto yomwe sinditopa kuyiyang'ana

Anzanga okonda magalimoto, ine mtima wanga unatsalira pa Lamborghini Miura basi.

Ferruccio Lamborghini anayamba ndi kupanga mathirakitala, ndipo za mipikisano sankazifuna. Koma mainjiniya ake achinyamata, Gian Paolo Dallara, Paolo Stanzani ndi Bob Wallace, ankatsala pa fakitale ku Sant'Agata Bolognese, ku Italy, akaweruka, kujambula galimoto yakumtima kwawo. Mu 1965 anaonetsa chasisi (chimango cha pansi pa galimoto) chokhachokha pa chionetsero cha magalimoto ku Turin, chopanda bodi, anthu n'kuyamba kale kuchifuna. Bodi lake anajambula ndi Marcello Gandini wa ku kampani yojambula mabodi a magalimoto ya Bertone, ali ndi zaka 27 zokha, ndipo galimotoyo inaonekera pa chionetsero cha ku Geneva mu 1966.

Chimene chimandigwira mtima ndi injini. Injini ya V12 (ya masilinda 12) ya malita 3.9 anaigoneka chopingasa kuseri kwa mipando, moti woyendetsa amamva kulira kwake pafupi ndi khutu, galasi lokha n'limene limawalekanitsa. Kulemera kukakhala pakati choncho, galimoto imakhota bwino. Ndi yaifupi zedi, denga lake silifika n'pachifuwa pomwe. Taonani nyali zakutsogolozo: anazizinga ndi timizere takuda ngati nsidze. Pa mtundu wa SV wa 1971 anatichotsa, ndipo kunena zoona zimandiwawa.

Zolakwika inali nazo. Thanki ya petulo ili kutsogolo, ndiye mafuta akamachepa mphuno imapepuka pa liwiro lalikulu. M'kati mumatenthanso kwambiri.

Dzina loti Miura ndi la banja loweta nkhunzi zolusa ku Spain. Pomwe ankasiya kuipanga mu 1973, anali atapanga zosakwana 800.