Loweruka pa tebulo: phiko la TIE fighter lapeza pogwira

Ntchito ya lero inali phiko lakumanzere la TIE fighter yomangidwa ndi LEGO, chombo chankhondo cha mu Star Wars chija chokhala ndi mpira pakati ndi mapiko awiri akuluakulu a ngodya zisanu ndi imodzi. Sitikutsatira buku la seti iliyonse. Ndi MOC, chinthu chimene wokonda LEGO amachilingalira yekha n'kuchimanga ndi zidutswa zomwe wasonkhanitsa. Kukula kwake kuli pakati pa seti yaing'ono 75300 ya 2021, ya zidutswa 432, ndi yaikulu 75095 ya 2015, ya zidutswa 1,685. Cholinga ndi chakuti woyendetsa akhalemo, ndipo munthu athe kuchinyamula ndi dzanja limodzi osamva chikuthetheka.

M'mawa unathera pa kusankha ndi kutsuka. Zidutswa zambiri zachokera m'thumba losakaniza logulidwa kwa eni ake akale, ndipo thumba lotere limabwera ndi zonse: fumbi, tinjerwa tamakampani ena, ndi mitundu iwiri yotuwa yooneka ngati umodzi. Kalelo LEGO inali ndi mtundu wotuwa wopendekera ku chikasu. Mu 2004 anausintha n'kubweretsa wotuwa wopendekera ku buluu, umene pa BrickLink, msika wa pa intaneti wa zidutswa za LEGO, amautcha Light Bluish Gray. Pansi pa babu usiku simungasiyanitse. Tulutsani thireyi pakhonde, pamthunzi, muyale zidutswa papepala loyera, ndipo zakalezo zimaonekera zokha. Zimenezi taziika m'chitini chapadera kuti zikalowe m'kati mwa felemu mmene diso silifika. Zamakampani ena mumazidziwa poyang'ana pamwamba pa stud, kansonga kozungulira kaja: ya LEGO imakhala ndi dzina lolembedwa ting'onoting'ono. Zina zimagwira bwino ndithu, koma sizigwira mofanana, ina yothina ina yolobodoka, ndipo pa phiko lolemera chonchi sitikufuna zongoyerekeza.

Kutsuka ndi m'beseni, ndi manja, madzi ofunda osapitirira madigiri 40, ndi kasopo kamadzi kotsukira mbale pang'ono. Mswachi wakale umachotsa fumbi pakati pa ma stud. Kuyanika ndi pathaulo, pamthunzi. Dzuwa ndi limene limasandutsa zoyera ndi zotuwa kukhala zachikasu, ndipo madzi otentha amapinda ma plate aatali, zidutswa zopyapyala zathyathyathya zija, moti sadzawongokanso.

Cha m'ma 10 koloko tinayala phiko. Miyeso yake ndi iyi: kutalika ma stud 24, m'lifupi pamwamba ndi pansi ma stud 10, pakati penipeni 18. Popeza kuchoka pa stud imodzi kufika pa inzake ndi mamilimita 8, phikoli ndi masentimita 19.2 kutalika ndi 14.4 pamene latambalala kwambiri. M'mphepete mopendekera mwapangidwa ndi ma plate akuda odulidwa mbali imodzi, nambala 43722 ndi 43723, lamanja ndi lamanzere. Iliyonse imatuluka stud imodzi pa ma stud atatu alionse, ndiye zinayi zoikidwa motsatana ngati masitepe zimatsika 12 n'kutuluka 4. M'thumba munali zambiri za 41769 ndi 41770, zooneka ngati zomwezo koma zotalikirapo, zotuluka stud imodzi pa anayi. Mukasakaniza mitundu iwiriyi pamzere umodzi, mphepete imathyoka pakati ndipo diso limaiona ngakhale muli kutali. Sankhani umodzi.

Phiko lili ndi misanjiko iwiri ya ma plate. Lamulo lake n'lofanana ndi la mmisiri wa nyumba: mfundo yapansi isakumane ndi mfundo yapamwamba. Pansi tayala ma plate aakulu a 6x12 ndi 6x10 moimirira, pamwamba ting'onoting'ono mopingasa. Mfundo zikakumana, phiko limapindikira pomwepo mukangolinyamula ndi nsonga. Pa sikelo ya kukhitchini phiko lomalizidwa lafika pafupi ndi magalamu 100. Kulemera kumeneku sikuopsa pakokha. Vuto ndi lakuti konse kumapachikika pa kamkono kochepa kolumikiza phiko ku mpira.

Apa ndi pamene tsiku lambiri lathera.

Njira yoyamba imene aliyense amaiganiza ndi bulaketi, kachidutswa kopindika ngati chilembo cha L. Phiko limaima chilili, ma stud ake kuyang'ana kunja, pamene mpira ndi mkono zimamangidwa ma stud kuyang'ana kumwamba. Bulaketi ngati 44728 imatembenuza ma stud anayi kuti ayang'ane chammbali, n'kulowa kunsi kwa phiko. Zimakhala bwino chombo chili patebulo. Mukachinyamula n'kuchipendeketsa, phiko limatsala. Chifukwa chake n'chakuti stud imalimba zinthu zikamakankhana chammbali, koma polimbana ndi kuzulidwa ilibe mphamvu zambiri, imangodalira kuthina kwa pulasitiki. Nsonga ya phiko ili pa mtunda wa ma stud 12 kuchoka pakati, ndiye chala chikangoikhudza pang'ono, pakatipo pamafika mphamvu yozula yochulukitsidwa kangapo. Kuwonjezera mabulaketi kumangochedwetsa kugwako.

Chofunika ndi chinthu chobowoleza phiko n'kukamangika m'kati mwa mpira, ndipo chinthucho ndi ekiselo, kandodo kapulasitiki ka mu Technic, gulu la zidutswa za LEGO zolumikizana kudzera m'mabowo. Pakati pa phiko tachotsapo ma plate wamba n'kuikapo ma plate a Technic a 2x4, nambala 3709, okhala ndi mabowo atatu pamzere wapakati. Aikidwa awiri, wina pamwamba pa mnzake, kuti bowo lidutse misanjiko yonse iwiri, ndipo aimirira motsata kutalika kwa phiko. Tikugwiritsa ntchito bowo loyamba ndi lachitatu, lapakati kulisiya. Ma ekiselo ayenera kukhala awiri. Imodzi yokha imasandutsa phiko kukhala tayala, limazungulira.

Mabowo awiriwo atalikirana mamilimita 16, ndipo kumbali ya mkono tiyenera kupeza mabowo otalikirana chimodzimodzi, lina pamwamba pa linzake. Njerwa ya LEGO ndi mamilimita 9.6 msinkhu, plate ndi 3.2. Mukasanja njerwa ziwiri za Technic mwachindunji, mabowo amatalikirana 9.6, ndipo sakumana ndi chilichonse. Mukaika ma plate awiri pakati pake, 9.6 kuwonjezera 6.4 ndi 16 ndendende. Ma plate asanu osanjikiza amafanana ndi ma stud awiri chogona. Pafupifupi chilichonse chomangidwa chammbali m'ma seti aakulu chimachokera pa muyeso umenewu. Mukaika plate imodzi kapena atatu, mabowo sakumana ndipo ekiselo silowa popanda kukakamiza.

Mpanda wa njerwa, ma plate awiri, njerwa, tauika malo awiri: wina kumapeto kwa mkono pafupi ndi phiko, wina m'khoma la mpira. Ekiselo ikadutsa pa mpanda umodzi wokha imagwedera ngati mtengo wokumbiridwa pang'ono; iwiri yotalikirana ndi imene imaiwongola. Ekiselo yake ndi ya 8 yokhala ndi mutu, nambala 55013. Mutuwo umatsalira kunja kwa phiko n'kulikanikiza, nsonga inayo imatulukira m'kati mwa mpira pomwe taitseka ndi bushi, kamphete kogwira ekiselo mothina, 3713. Mabulaketi aja sitinawataye. Ekiselo m'bowo lozungulira imakhala ndi kampata, ndiye payokha phiko limanjenjemera. Ma stud a bulaketi ndi amene amathetsa kunjenjemerako, ekiselo n'kumaletsa kuzuka. Chilichonse chikugwira ntchito imene chimatha.

Kwatsala chinthu chimodzi chimene chimaiwalika: mapiko awiri akamakoka uku ndi uku, mpira umatseguka pakati. Ekiselo sizingadutse mpira wonse chifukwa pakatipo ndi pampando wa woyendetsa. M'malo mwake tayala plate ya 2x12 pansi pa mpando, kuchoka mkono wina kufika wina, ndi ina pamwamba. Yapamwambayo iyenera kubwerera mmbuyo, kuseri kwa mutu wa woyendetsa, apo ayi chisoti chake chimagunda ndipo denga silitseka.

Masana tinayesa. Kunyamula pa mpira, kutembenuza chadodolido, kugwedeza pang'ono. Phiko silinasunthe. Kunyamula pa phiko lenileni kumachititsa mkono kulira pang'ono, koma palibe chazuka, ndipo chombo chotere sichiyenera kunyamulidwa choncho.

Nthiti zotuwa za pa phiko, zochoka pakati kupita ku ngodya, zinatenga nthawi yochepa. Ziwiri zopingasa n'zosavuta chifukwa zimatsata mzere wa ma stud. Zinayi zopendekera sizitsata mzere uliwonse. Iliyonse ndi plate ya 1x10 yovekedwa pamwamba ma tile, tizidutswa tosalala topanda stud, yogwira pa stud imodzi yokha pafupi ndi ngodya. Pansi pa nsonga imeneyo pali ka plate kozungulira ka 1x1. Kameneka kamachita ziwiri: kamalola nthiti kutembenukira kulikonse, ndipo kamaikweza mamilimita 3.2 kuti idutse pamwamba pa ma stud a phiko, amene msinkhu wawo sufika mamilimita awiri. Nsonga zam'kati sizigwira paliponse, zimangopanikizidwa pansi pa kambale kozungulira ka 6x6 komwe kabisanso mitu ya ma ekiselo. Kumbali yoyang'ana mpira kukuoneka kunsi kwa ma plate, kopanda nthiti. Ena amamanga mapiko awiri n'kuwalumikiza misana kuti mbali zonse zikongole, koma pa kukula kuno phiko limanenepa, kulemera kumawirikiza, ndipo TIE yonenepa mapiko sioneka ngati TIE.

Mpira weniweni sitinaukhudze kwambiri lero. Galasi lakutsogolo lozungulira, losindikizidwa mizere, lachokera mu 75300, ndipo ndi limene lakhazikitsa kukula kwa zina zonse. M'mbali mwake mudzalowa tizidutswa tokongoletsa, timagirilo ta 2412 ndi timapendeke ta 54200, koma pang'ono. Zombo ngati Millennium Falcon zimafuna mapaipi ndi timabokosi paliponse, n'chifukwa chake seti 75192 ya 2017 inafika zidutswa 7,541. TIE ndi yosalala, ndipo kuiwunjikira tinthu kumaiwononga. Nkhani ya mtundu nayonso yatha kale: TIE yakale ya LEGO, 7146 ya 2001, inali yabuluu ndi yakuda, koma pofika 9492 ya 2012 inali yotuwa. Ife tatsata yotuwa, makamaka chifukwa zidutswa zopindika za mtundu umenewu zimapezeka mosavuta.

Choimikira chinamangidwa dzuwa litapendeka. TIE imatha kuima pa mapiko ake, koma ikakhala choncho pashelefu nthawi yaitali mpira umalemera pa mikono, mapiko n'kuyamba kutagalala. Ndi bwino kulemera kukhale pa mzati wogwira mpira kunsi. Mzati woima wokha umagwedera, umafuna chochirikiza chopendekera, ndipo apa mabimu a Technic amathandiza: ya mabowo 7 chogona, ya mabowo 9 choimirira, ya mabowo 11 chopendekera. Kuchoka pa bowo loyamba kufika lomaliza ndi 6, 8 ndi 10, ndipo miyeso itatuyi imatseka makona atatu okhala ndi ngodya yowongoka popanda kukakamiza chilichonse. Mapini ake akhale akuda, 2780, ogwira mothina. Otuwa, 3673, anapangidwira zinthu zozungulira, ndipo choimikira cha mapini otuwa chimavina.

Madzulo zinapita pa kompyuta. Zosintha zonse zalowetsedwa mu Studio, pulogalamu yaulere ya BrickLink yomangira pa sikirini. Imathandiza kwambiri kuwerenga zidutswa ndi kuona pamene ziwiri zikugundana, koma bulaketi ya m'mawa ija pa sikirini inkaoneka yolimba bwinobwino. Muzikumbukira zimenezi mukamatenga malangizo a MOC pa Rebrickable, tsamba la pa intaneti pomwe omanga amaika malangizo awo: yang'anani ngati wopangayo waika chithunzi cha chinthu chomangidwa ndi zidutswa zenizeni, osati chojambulidwa ndi kompyuta chokha. Onaninso ngati chidutswa chilichonse chinapangidwapo mu mtundu womwe wasankha, chifukwa pa kompyuta munthu amatha kupaka mtundu uliwonse pa chidutswa chimene LEGO sinachitulutsepo motero.

Phiko lakumanja likusowa ma 43722 akuda asanu, ma 3709 awiri, ekiselo ya mutu imodzi ndi kambale ka 6x6. Mndandanda walowa pa BrickLink, msika wa zidutswa umene LEGO inaugula mu 2019. Pa oda yaing'ono chonchi ndalama yotumizira imaposa mtengo wa zidutswa, ndiye tafufuza wogulitsa mmodzi amene ali nazo zonse, ngakhale akhale wodulirapo pa chidutswa chilichonse, n'kuwonjezerapo mapini akuda ndi ma plate ozungulira a 1x1 omwe amatha nthawi zonse. Podikira, ntchito yotsatira ndi denga la mpira, lomwe likufuna hinji yosagunda plate ya 2x12 yapamwamba ija.