Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene Bambo anaonanso tiyi

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa maliro a Mayi. Chitatha chaka, Bambo anali atasanduka munthu wa pakhonde. Kukacha ankakoka mpando wawo pakhomo pathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wailesi pabondo, mpaka dzuwa kulowa. Ngakhale ku bawo anasiya kupita. Pa Isitala wa 2017 bambo a ana anga anabwereka galimoto kwa mnzawo wa kuntchito, amvekere tiwatenge madalawa akapitidweko mphepo ku mapiri a kum'mawa.

Bambo anachoka kwawo ku Mulanje mu 1958, nthawi ya chitaganya, n'kudzapeza ntchito yosesa misewu muno mukadali Salisbury. Sanabwererenso. Mtchona weniweni. Za kumudzi sankazikamba, ndipo ife ana tinkadziwa Malawi chifukwa cha Chichewa cha m'nyumba ndi Gule Wamkulu wa Loweruka basi.

Tinanyamuka mbandakucha. Marondera, Macheke, Headlands, konseko Bambo ali m'tulo, chipewa kumaso. Anadzidzimuka titakhota pa Rusape, makilomita ngati 170 kuchokera ku Harare, msewu utayamba kukwera pakati pa miyala ikuluikulu yosanjikizana. Pa Juliasdale tinagula maapulo kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Kunkazizira moti ana anga, amene anakana majuzi m'mawa, anayamba kulimbirana chitenje changa.

Titalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nyanga, mnyamata wotsogolera alendo anatiuza monyadira kuti phiri la Nyangani ndi lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, mamita 2,592. Anatipatsanso malamulo ake: osatukwana, osaloza ndi chala chilichonse chachilendo chimene waona, chifukwa anthu ena anasowera m'phirimo osapezekanso. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kuseka, kuseka kumene tinali tisanakumve chimwalirireni Mayi.

"Mwana wanga, ka phiri kameneka? Kwathu kuli Sapitwa, mamita 3,002. Dzina lokhalo likukuuza."

Ndiye anamasuka. Anatisimbira kuti m'phiri la Mulanje ukhoza kupeza nsima yotentha ndi ndiwo zake, kapena nthochi zakupsa, pamalo popanda munthu. Mizimu ndiyo yakukonzera. Udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko za kunyumba. Ine zaka zanga zonsezo ndinali ndisanamvepo nkhani imeneyi pakamwa pawo, ndipo kunena zoona zinandiwawa pang'ono kuti anayamba kuuza mwana wa eni ife tili pomwepo.

Nyangani sitinakwere, miyendo ya Bambo sikanalola. Mathithi a Mutarazi tinawaonera chapatali, madzi akugwa mamita oposa 700, oyera ngati ulusi. Ndi okongola ndithu, koma za iwo ndilibe zambiri.

M'mawa mwake tinatsikira ku chigwa cha Honde. Msewu wake ndi wokhotakhota, wotsetsereka, mabuleki mpaka kununkha chipsereza, ine nditagwira mpando ndi manja awiri. Majuzi tinavula mmodzimmodzi, chifukwa kumunsiko n'kotentha, nthochi paliponse. Titadutsa Hauna n'kuyendabe chakutsogolo, mapiri anangoti biriwiri, osalala ngati ameta ndi lumo. Tiyi.

"Apongozi, taimani."

Mkamwini wawo asanazimitse n'komwe injini, Bambo anali atatsegula chitseko, ndodo ataiiwala m'galimoto. Analowa m'mzere wa tiyi wofika m'chiuno, n'kuthyola nsonga ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala: masamba awiri ndi kamphukira kapakati. Anathyolanso, dzanja lina n'kuyambanso, kenako manja onse awiri akuponya kumbuyo kwa phewa kumene kunalibe dengu. Patapita zaka pafupifupi 60, zala sizinaiwale. Ndi pamenepo pomwe tinamva kuti agogo anga aakazi ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo Bambo ankawathandiza kudzaza dengu kuti lilemere pa sikelo.

Chapafupi panali gogo wina, dengu kumsana, akutiyang'ana ngati anthu oba. Bambo anawalonjera m'Chishona, koma Chishona cha Bambo chinali chosabisa kumene chachokera. Gogoyo anatula dengu.

"Kodi achimwene, kumudzi n'kuti?"

Anali mwana wa munthu wa ku Thyolo amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda yomweyo. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu ola lathunthu, kufunsana mifunda ndi mafumu, ife tikudya nthochi m'galimoto. Potsanzikana gogoyo anawapatsa chinangwa chophika chimene anasungira nkhomaliro yake, ndipo Bambo, amene kunyumba tinkachita kuwanyengerera kuti adye, anachimaliza tisanafike pa Hauna.

Ku Mutare ndi ku Vumba, kumene tinakonza zokagona, sitinapitenso. Anati atopa, tibwerere. Masamba aja anawamanga pa kansalu kopukutira thukuta n'kuika m'thumba la jekete.

Tikuyandikira Marondera, kutada kale, ana atagona, ndinamva mawu a Bambo kumbuyo:

"Iwe, mabasi a ku Blantyre aja odzera pa Nyamapanda ndi ku Tete, masiku ano akukwera ndalama zingati?"

Pasipoti analibe, ngakhale chikalata chobadwira. Mmene tinavutikira nazo zimenezo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.