Pempho Lopanda Chindapusa

Pakatikati pa dziko la Australia pali thanthwe lalikulu lofiira lotchedwa Uluru, lotalika mamita 348. Eni dera, anthu a mtundu wa Anangu, amaliona kuti ndi lopatulika, ndipo kwa zaka zambiri m'munsi mwake munali chikwangwani chopempha alendo kuti asakwere. Chikwangwanicho sichinkaopseza munthu. Njira inali yotsegula, unyolo wogwirira pokwera unalipo, ndipo wokwerayo palibe ankamugwira. Linali pempho basi. Boma linabweza malowa m'manja mwa a Anangu pa 26 October 1985, koma lamulo loletsa kukwera linadzayamba kugwira ntchito pa 26 October 2019. Pakati pakepa panadutsa zaka 34.

Chimene chimandivuta mumtima ndi miyezi yomaliza ija. Tsiku loletsa litalengezedwa mu 2017, anthu anakhamukirako kuti akakwere chitseko chisanatsekedwe, mpaka mzere unkachita kukwawa paphiri. Ambiri a iwo chikwangwani chija anachiwerenga. Anadziwa kuti eni ake zikuwapweteka, ndipo anadziwa kuti anthu oposa 30 anafera pomwepo, zomwe a Anangu zinkawamvetsa chisoni chifukwa amadziona kuti ali ndi udindo pa moyo wa mlendo wawo. Anakwerabe, poti lamulo linali lisanayambe.

Koma ndisawanamizire alendo onse. M'zaka za m'ma 1990 ambiri ofika kumeneko ankakwera, pomwe pofika mu 2015 okwera sankakwana mmodzi pa asanu aliwonse. Enawo ankawerenga pempho lija, n'kuzungulira thanthwelo m'munsi, n'kubwerera kwawo. Analipira ndalama zofanana ndi anzawo, anayenda mtunda womwewo, ndipo palibe akanawadzudzula akanakwera. Anthu amenewa ndiwo ndimawaganizira ndikamva mawu akuti khalidwe labwino.

Ine ndimakhulupirira kuti munthu umamudziwa pa pempho lopanda chilango. Lamulo aliyense amalimvera, ngakhale wamwano, chifukwa amaopa ndende kapena chindapusa. Pempho limachokera kwa munthu amene alibe chokuchita, ndipo kulimvera kumafuna kuti uvomereze mumtima kuti iyeyo ndi munthu ngati iwe, kuti chomupweteka n'chachikulu ngakhale iwe sukuchimvetsa.

Zoterezi sizidikira pasipoti. Mnansi akugogoda usiku kuti muchepetseko wailesi mwana wake akudwala. Mayi wokolopa pakhomo la ofesi akuti mudutsire mbali inayo poti pano m'ponyowa. Nkhalamba yaima m'basi osanena kanthu, maso okha akupempha. Mnzanu wakuuzani zakukhosi n'kuti zithere pompano. Palibe mmodzi wa anthuwa angakutengereni kukhoti. Mukhoza kuponda pokolopa paja n'kumapita, ndipo tsiku lanu liyenda bwinobwino. Koma mayi uja awerama kachiwiri, ndipo inu mwaphunzitsa mtima wanu kuti kuwerama kwa munthu wina si nkhani yanu. Mtima umenewo ndi womwe mudzakwere nawo ndege.

Ndinaona zimenezi ndi maso pa ulendo wina. Patsogolo panga pamzere woonetsa mapasipoti panali bambo wina wovala bwino, wa tayi ndi chikwama chachikopa. Kwa wodinda mapasipoti anali wofatsa zedi, mawu apansipansi, “zikomo bwana” pa funso lililonse, pasipoti n'kupereka ndi manja awiri. Titalowa m'ndege tinapezeka mipando yoyandikana. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo atamupempha kuti adzutse mpando poti wakumbuyo akufuna kudya, bambo uja sanamuyang'ane n'komwe. Patapita kanthawi anamuitana pokhwatchitsa zala. Amayi ena achikulire amene anakhala mbali yakuwindo anamugwira pamkono n'kunena motsitsa kuti, “Bambo, mwanayu ali pa ntchito, ndipo kwawo alinso ndi makolo.” Sanayankhe, koma mpando anadzutsa. Ulemu umene ndinauona pamzere paja unali mantha chabe, chifukwa wodinda uja akanatha kumubweza. Mtsikanayo analibe chidindo.

Mayiko ambiri masiku ano akulemba malamulo pa zinthu zimene kale zinkangopemphedwa, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni. Mumzinda wa Kyoto ku Japan muli dera lotchedwa Gion, kumene amakhala ndi kugwira ntchito azimayi oimba ndi kuvina mwamwambo otchedwa geiko, pamodzi ndi ophunzira awo, a maiko. Alendo ankawathamangira ndi makamera, kuwatsekera njira, ena mpaka kuwakoka zovala, munthu akupita ku ntchito yake. Eni dera anayamba ndi zikwangwani zopempha. Mu 2019 analetsa kujambula m'timisewu ta eni, n'kuika chindapusa cha mayeni 10,000. Mu 2024 anayamba kutseka timisewu tina kuti alendo asamalowemo. Mlendo waulemu amene angafikeko lero akupeza potseka chifukwa cha mnzake amene sanamuonepo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo, ndipo apa zikuoneka kuti chimene wasiyacho chimagwera ngakhale obwera pambuyo pako.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa apaulendo, akuti “ndalipira”. Inde mwalipira, ndipo ndalamazo zagula mpando, chipinda ndi chilolezo cholowa m'dziko. Sizinagule nkhope ya munthu wodutsa mumsewu, kapena malo amene anthu amapembedzerapo, kapena manda a makolo awo. Mu 2019 oyang'anira malo a chikumbutso a Auschwitz ku Poland, kumene kunali msasa wopherako anthu wa chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anachita kupempha alendo kuti asiye kujambulitsa akuyenda monyang'ama pa njanji, njanji imene inabweretsa anthu ku malo kumene oposa 1 miliyoni anaphedwa. Taganizani kuti zafika poti munthu wamkulu achite kuuzidwa zimenezo.

Sindikunena kuti mlendo avomereze chilichonse chimene wapeza. Pali miyambo ina imene sindigwirizana nayo, ndipo nditafunsidwa ndinganene. Ulemu si kudzichepetsa mpaka kuponderezedwa, ndipo mlendo akachitiridwa chipongwe chifukwa cha khungu lake kapena dziko limene wachokera, ali ndi ufulu wonse wodandaula poyera. Komatu kuvula nsapato pakhomo la kachisi amene si wa chipembedzo chako sikukulanda chikhulupiriro. Kusalankhula pafoni m'sitima ya ku Tokyo, kumene anthu amaona kuti kutero n'kusokoneza anzako, sikukuchotsera kanthu. Ku Thailand mutu wa munthu saugwira mwachisawawa ndipo phazi salozera munthu. Suyenera kumvetsa chifukwa chake chonse kuti uleke.

Ndipo palibe angaloweze miyambo ya dziko lililonse. Chimene chimathandiza n'chizolowezi chimene munthu amachiphunzira kwawo: kufika n'kuyamba waona mmene eni ake akuchitira, kutsitsa mawu, kufunsa usanajambule, kupepesa msanga. Eni dera amasiyanitsa mosavuta mlendo amene walakwitsa posadziwa ndi amene sasamala, ndipo woyambayo nthawi zambiri amangomuwongolera akumwetulira.

Chitsanzo chimene chimandilimbitsa mtima ndi cha pa 2 July 2018, pa mpikisano wa mpira wa World Cup ku Russia. Timu ya Japan inkatsogola 2-0 posewera ndi Belgium mumzinda wa Rostov, kenako inagonja 3-2 ndi chigoli cha m'mphindi yomaliza, n'kutuluka mumpikisano. Ochemerera ake, ena misozi ili m'maso, anatsalira m'bwalo kutola zinyalala m'matumba. Chipinda chovalira cha timuyo chinasiyidwa choyera, ndi kapepala kothokoza kolembedwa m'Chirasha. Apa panalibe ngakhale pempho. Osesa analipo, olipidwa pa ntchito yomweyo, ndipo munthu amene wangogonja motero aliyense akanamumvetsa atangonyamuka n'kumapita.

Anthu ambiri anadabwa nazo, koma kwa anthu a ku Japan aja sichinali chachilendo. M'masukulu ambiri a ku Japan ana amasesa ndi kukolopa okha makalasi ndi makonde awo kuyambira ali aang'ono, pafupifupi tsiku lililonse, aphunzitsi ali nawo limodzi. Mu 2022 ku Qatar, atagonjetsa Germany 2-1, ochemerera aja anatolanso zinyalala chimodzimodzi.