Ulendo wathu wa ku Brooklyn: ng'oma zozizira, pikliz ndi konpa

Tinapangana zonyamuka 5 koloko m'mawa, koma minibasi inatuluka mu Silver Spring, ku Maryland, 7 koloko itadutsa kale. Amene tinkawadikira nonse mukuwadziwa, ndipo mlandu wawo unatha ndi beseni la mandasi lija. A gulu lathu la magule a ku Malawi tinalipo 14: akuluakulu 9, ana athu 5, kuphatikiza ng'oma zitatu ndi chikwama cha zitenje. Otiitana anali anzathu a ku Haiti aja amaphunzitsa ana awo magule ku Flatbush, dera la ku Brooklyn mumzinda wa New York. Nkhawa yawo ndi yathu yomwe: mwana wobadwira kuno ku America amadziwa nyimbo zonse za pafoni, koma za agogo ake amaziona ngati za pamaliro.

Msewu wa I-95 tinauyenda bwino, Baltimore, Delaware, New Jersey, mpaka kuoloka mlatho wa Verrazzano. Cholakwa chathu chinali chimodzi: ng'oma tinaziika kumbuyo kwenikweni, kumene hita safika, mwezi wa Malichi kunja kukuzizira koopsa. Titazitsitsa muholo ya tchalitchi, achimwene oimba ng'oma anagunda yaikulu ija, ndipo inangoti bu, ngati thumba la ufa. Nkhope zawo zinagwa. Kwathu tikanangosonkha mapesi n'kuziwamba, koma kuno moto ungaukoleze pati? A Tcheya anali atatola kale manyuzipepala kuti akayatse panja, eni malo n'kuwagwira mkono mwaulemu kuti apolisi afika motowo usanayake.

Amene anatipulumutsa ndi mkulu wina wa imvi, woimba ng'oma yawo yotchedwa tanbou. Sanalankhule kanthu. Anagogoda chikopa ndi chala, anapukusa mutu, n'kutuluka. Pobwera anali ndi makina oumitsira tsitsi a mayi akunyumba kwake. Anakhala pansi ndi achimwene, wina atafumbata ng'oma pakati pa maondo, wina akuipemerera mpweya wotentha mozungulira, kenako kugogoda, kumvetsera, kupemereranso. Mkuluyo Chingelezi chake ndi chochepa, achimwene Chikiliyo cha ku Haiti sadziwa ngakhale liwu limodzi, koma kwa theka la ola anamvana bwino lomwe. Ng'oma italira mawu ake enieni, onse awiri anaseka nthawi imodzi. Chithunzi chimenecho ndili nacho, ndichitumiza pagulu.

Chimtali chathu chinayenda, ndipo amayi munatinyaditsa. Anyamata a mganda nawo sanachite manyazi. Eni malo anadabwa ndi malipenga athu a zikho, chifukwa iwonso pa gule wawo wa rara, amene amavina m'misewu nyengo ya Lenti, amaliza malipenga a nsungwi otchedwa vaksin, lililonse liwu lake limodzi.

Tsopano nkhani ya chakudya, chifukwa ndikapanda kuilemba simundikhululukira. Anatikonzera griyo, nyama ya nkhumba yophika kenako n'kuikazinga, nthochi zosapsa zophwanyidwa n'kukazinganso, ndi mpunga wakuda bii wophikira m'madzi a bowa wa djondjon. Pambali panali mbale ya kabichi ndi karoti zodula bwino. Bambo msungichuma, amene chaka chonse amatiuza kuti kambuzi kwa iwo ndi switi, anadzaza supuni yaikulu n'kuponya m'kamwa. Imeneyo ndi pikliz, yoviikidwa mu viniga ndi tsabola wa scotch bonnet. Anayamba n'kukhala chete. Kenako misozi, kenako thukuta pamphumi ponse, kenako kuvula jekete. Mayi wina wa ku Haiti anathamanga ndi mkaka, akuseka koma akuwapepesa. Chosangalatsa n'chakuti atapeza bwino anatapanso, pang'ono ndithu, ndipo botolo limene anatipatsa potsanzika lili kunyumba kwawo. Dzina la bambo Pikliz lakhazikika, musalimbane nalo.

Masana anatiphunzitsa mbiri ya konpa, mtundu wa nyimbo zovina za ku Haiti. Anaiyambitsa ndi Nemours Jean-Baptiste, woimba saxophone, mu 1955 ku Port-au-Prince, pofewetsa kamvekedwe ka méringue, nyimbo zawo zakale, kuti aliyense athe kuvina ndi masitepe awiri okha. Mpikisano wake ndi Webert Sicot unagawa mzinda pawiri. M'ma 1960 kunabwera timagulu ta achinyamata ta magitala totchedwa mini-jazz, ndipo mwa ito munatuluka Tabou Combo, ya ku Pétion-Ville, imene inadzakhazikika ku New York konkuno. Konpa ndiyo inathandiza kubala zouk ya ku Guadeloupe ndi Martinique, ndipo zouk inakafika ku Angola n'kuthirira kizomba. Woimba konpa wina, Michel Martelly, anakhalapo pulezidenti wa Haiti kuyambira 2011 mpaka 2016.

Mkangano unabuka pa mafunso. Mkulu wa tanbou uja anati konpa yatha. Kale, anatero, bandi inkaimba usiku wonse, nyimbo imodzi mphindi khumi, malipenga akuyankhana. Lero achinyamata a ku Haiti ali pa rap ya Chikiliyo ndi rabòday, nyimbo yothamanga ya pakompyuta imene inafala chitachitika chivomezi cha 2010, ndipo a kuno ali pa Afrobeats. Ku Port-au-Prince zigawenga zatseka usiku, mabandi ambiri akuimbira ku Miami, New York, Montreal ndi Paris, m'malo a tikiti yodula amene mwana wa zaka 16 saloledwa n'komwe. Akaimvera kuti?

Mdzukulu wake, mtsikana wa kukoleji, sanatsutse ndi pakamwa. Analumikiza foni ku sipika n'kuika "4 Kampé" ya Joé Dwèt Filé, mnyamata wobadwira ku France wa makolo a ku Haiti, imene inawanda pa TikTok mu 2024. Ana athu asanu onse anadzuka nthawi imodzi. Amaidziwa, amaivina, koma palibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa kuti imeneyo ndi konpa. Agogo ake anati mulibe lipenga, ndi kiyibodi yokhayokha. Mtsikanayo anayankha mofatsa kuti ngakhale Nemours, akulu a nthawi yake ankamunena kuti akutengera za ku Dominican Republic.

Ine mtima wanga unali kwa mtsikanayo, ndipo ukadali komweko. Nyimbo imene ana akuvina okha popanda wowakakamiza siinafe. Koma mkuluyo sindingamutaye, chifukwa kavidiyo ka masekondi 15 sikaphunzitsa munthu kugwira ng'oma. Chimene chinandikhudza n'chakuti nyimboyo ili mkati, mkuluyo anatola kabelu kachitsulo kamene amagogoda mu konpa, n'kuyamba kutsatira, nkhope ili gwa. Mwana wanga wamwamuna, amene Loweruka lililonse ndimachita kumukoka kuti abwere ku pulakatisi, anapita yekha kukaima pafupi. Mkuluyo anamupatsa kamtengo, n'kumugwira dzanja mpaka anapeza pogunda.

Pobwerera mkanganowo unalowa m'minibasi. Ana anapempha kuti chimtali achiike pa biti n'kujambula kavidiyo. A Tcheya anati gule si choseweretsa. Mayi mlembi anawonjezera kuti kavinidwe ka konpa kogwirana moyandikana kaja sakufuna kukaona pa ana athu. Aunt a ku Bowie anafunsa kuti nanga mganda sunachokere ku pelete wa asilikali? Tinafika ku Delaware anthu asakulankhulana, mpaka mandasi otsala anatuluka. Nkhaniyi ili pa mndandanda wa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo ndikupempha kuti ana akhalepo, alankhule okha.

Zikomo kwa adalaivala athu amene sanaphethire ulendo wonse, kwa amayi amene anachezera kusita zitenje, kwa asisi amene anagona ndi ana a anzawo kuti makolo apite, ndi kwa eni malo amene anatilandira ngati abale. Iwo abwera kwathu mu Julayi, ndipo mkulu uja wapempha nsima ndi chambo. Amene simunapereke ya mageti a mumsewu, onanani ndi bambo Pikliz lisanafike Lamulungu. Ng'oma yaing'ono ili kwa ine, mwana wakana kuibweza.