Ophunzira atsopano tinawapeza akuguba ku Wuhan

Tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kumayambiriro kwa Seputembala tili anthu 8. Tonse timagwira ntchito ndi ophunzira m'sukulu zaukachenjede: ena amayang'anira mahosteli, awiri ndi alangizi, ine ndi mnzanga mmodzi timaphunzitsa. Tinadzera ku Addis Ababa n'kukatera ku Guangzhou m'dziko la China, ndipo kuchoka kumeneko sitima yothamanga inatifikitsa ku Wuhan patatha maola pafupifupi anayi. Otiitana anali a yunivesite ina mumzindawo, kuti tikaone mmene amalandirira ophunzira a chaka choyamba. Laibulale, chipatala cha pasukulu ndi malo odyera tinaziona ndithu, ndipo anzanga alemba kale za zimenezo. Ine gulu linandipatsa gawo la maphunziro a usilikali, amene anatitengera masiku ambiri ndiponso anatikanganitsa.

Usiku woyamba tulo sitinabwere msanga, poti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6. Nditangoti ndatsekako maso, ndinadzidzimuka ndi kulira kwa wezulo ndi mawu a chikhamu cha anthu akufuula pamodzi. Posuzumira pawindo ndinaona bwalo lonse lamasewera litadzaza ndi anthu ovala yunifolomu yamawangamawanga, ali m'mizere yowongoka ngati chimanga cha m'munda wachitsanzo. Mtima unandigunda, ndimati mwina pagwa zovuta. Womasulira wathu, mtsikana wa chaka chachitatu amene akuphunzira Chingerezi, atabwera kudzatitenga anati: "Musade nkhawa aphunzitsi, amenewo ndi ana atsopano. Angofika sabata yathayi."

Maphunziro a usilikaliwa iwo amawatcha junxun. Mwana akakhoza gaokao, mayeso aakulu a mu Juni amene amatsegula khomo la yunivesite, chinthu choyamba chimene amalandira pasukulu ndi yunifolomu, chipewa, lamba ndi nsapato zalabala. Anyamata ndi atsikana omwe. Mkulu woona za ophunzira amene anatilandira anatifotokozera kuti nkhaniyi ili m'malamulo a dziko. Lamulo la ntchito ya usilikali la 1984 linanena kuti ophunzira a m'makoleji azilandira maphunziro oyambirira a usilikali, ndipo mu 1985 anayamba kuyesa m'masukulu owerengeka. Lamulo la maphunziro a chitetezo cha dziko la 2001 linadzakhwimitsa. Ndondomeko ya 2019, imene unduna wa zamaphunziro unatulutsa mogwirizana ndi akuluakulu a asilikali, imati masiku a pabwalo asachepere 14, amene ndi maola 112, ndipo pamwamba pake pali maola 36 a m'kalasi ophunzira za nkhondo ndi chitetezo. Zonsezi zili ndi malikisi ake ngati phunziro lina lililonse, ndipo mwana sangatenge digiri asanazichite. Ophunzira ochokera kunja, kuphatikizapo Amalawi anzathu amene ali kumeneko, sachita nawo. Tinawapeza ena ataima pamthunzi akuonerera ngati ife.

Dzuwa la ku Wuhan ndilitchule, chifukwa popanda ilo simungamve nkhaniyi. Mzindawu uli pamene mtsinje wa Han umathira mu Yangtze, ndipo Atchaina eni ake amauwerengera m'gulu la mizinda imene amaitcha ng'anjo, pamodzi ndi Nanjing ndi Chongqing. Ine ndinakhalako ku Chikwawa mu Okutobala, ndipo kutentha kwa ku Wuhan n'kwina, kwachinyontho, thukuta siliuma pathupi. Pa dzuwa limenelo ana aja amaima chilili, osagwedezeka, kwa mphindi 20 mwinanso theka la ola.

Ndinaima pafupi ndi kagulu kamodzi ndipo maso anga anakhala pa mtsikana wina wamfupi, wovala magalasi, wa mumzere woyamba. Zidendene pamodzi, chifuwa patsogolo, zala zitamamatira pa msoko wa buluku. Mlangizi wawo, amene amamutcha jiaoguan, anali atapanika khadi la njuga pakati pa dzanja ndi ntchafu ya aliyense. Khadi likagwa ndiye kuti walekerera, ndipo gulu lonse liwonjezeredwa mphindi. Thukuta linkatsika pachipumi pa mtsikanayo, kudutsa pansi pa magalasi, kufika pachibwano n'kumadontha pakolala. Magalasi anatsetsereka mpaka kumapeto kwa mphuno. Sanawakweze. Kuti akweze anayenera kufuula kaye kupempha chilolezo, ndipo ndinaona milomo yake ikunjenjemera, akulimbana ndi mtima ngati apemphe kapena apirire. Anapirira. Wezulo italira anagwada pansi n'kuyamba kuseka ndi mnzake wa pambali, amene masiku asanu m'mbuyomo sankamudziwa n'komwe.

Mlangiziyo anali mnyamata wamng'ono, sanawapose kwambiri ana amene ankawalamula. Ena mwa alangizi amachokera kwa asilikali, ena ndi ophunzira akuluakulu amene anagwirako usilikali zaka ziwiri n'kubwerera kusukulu. Amaphunzitsa kutembenuka, kuyenda mofanana akuwerenga "yi, er, san, si", ndiponso kuguba kwa paperete kumene mwendo umakwezedwa uli wowongoka n'kumenyetsa phazi pansi. Kuguba kumeneku amakuphunzira pang'onopang'ono: mwendo umodzi m'mwamba, kudikira, mlangizi akuyenda ndi chingwe kuyeza ngati mapazi onse ali pa msinkhu umodzi. Masana ena anaphunzira chithandizo choyamba, kumanga mabala ndi kunyamula wovulala, ndiponso zochita moto ukabuka. Mfuti tinaziona tsiku limodzi lokha. Aliyense angaone kuti masabata awiri sangapange msilikali, ndipo mkulu uja naye sanabise zimenezo.

Anzanga oyang'anira mahosteli anasangalala kwambiri titalowa m'zipinda. Chofunda amachipinda mpaka chikhale ndi ngodya zakuthwa ngati njerwa, ndipo amachitcha chidutswa cha tofu, chakudya chawo cha soya chimene chimadulidwa m'timabokosi. Mnyamata wina anationetsa: anayala chofundacho pansi, kuchipsinja ndi kampando kuti chiphwe, kuwaza timadzi m'mapindiro, kenaka kutsina ngodya iliyonse ndi zala. Zinamutengera nthawi. Womasulira anatinong'oneza kuti ambiri akachipinda bwino safunanso kuchifunyulula, amagona osafunda kuti m'mawa oyendera akachipeze chili chomwecho. Anatiuzanso, mosachita manyazi, kuti anyamata amagula mapadi a amayi n'kuika m'nsapato, chifukwa nsapato zija n'zopyapyala ndipo mapazi amatupa. Mafuta oteteza khungu kudzuwa amatha m'masitolo a pasukulu, ndipo usiku ana amatumizirana mauthenga pafoni opempha mvula.

Ena amagwa. Pa masiku amene tinaliko ndinaona atatu akukomoka, anzawo n'kuwanyamulira pansi pa mitengo pamene panali anamwino, madzi ndi mipando. Pamenepo pamakhalanso odwala ndi ovulala amene ali ndi kalata ya dokotala. Saguba, koma saloledwa kukagona kuhosteli, amakhala pomwepo mu yunifolomu mpaka anzawo amalize. Mayi mmodzi wa m'gulu lathu, mlangizi wa ophunzira, anafunsa mkulu uja mosapsatira kuti bwanji osachita zimenezi nyengo yozizira. Anayankha kuti mayunivesite ena amaterodi, ena amadikira kutha kwa chaka choyamba, koma ambiri amafuna mwana ayambe ndi zimenezi asanazolowere moyo wa pasukulu. Yankholo silinawakhutitse mayiwo, ndipo inenso silinandikhutitse. Mwana wa munthu kugwa ndi dzuwa chifukwa cha mzere wowongoka si chinthu choti n'kuchizolowera.

Koma madzulo ndinaona china. Magulu amakhala pansi pabwalo moyang'anizana n'kuyamba kuputana ndi nyimbo: awa afuula kuti awo ayimbe, awo abweza, manja akuwombedwa, mpaka gulu lina ligonje n'kuyimba. Zinandikumbutsa magule a kumudzi pamene mudzi wina uputa unzake. China ndi dziko lalikulu, ndipo m'kagulu kamodzi muli mwana wa ku Heilongjiang kumpoto kozizira, wina wa ku Yunnan, wina wa kumudzi ku Henan, wina wa m'banja lolemera ku Shanghai. Ambiri anakula okha m'nyumba, chifukwa anabadwa lamulo la mwana mmodzi lisanathe kumapeto kwa 2015, ndipo zaka zawo za kusekondale zinathera pa desiki kukonzekera gaokao. Mu yunifolomu ija wolemera ndi wosauka sadziwika. Womasulira wathu anati anzake apamtima onse anawapeza pabwalo lomwelo, ndipo tsiku lotsanzikana ndi mlangizi wawo analira onse, ngakhale kuti masabata awiri onse ankamunena kumbali.

Pali mbiri imene otilandira sanaitchule, ndipo ife monga alendo sitinaifunse pagulu. Zitachitika za pa bwalo la Tiananmen ku Beijing mu Juni 1989, pamene asilikali anaphwanya zionetsero zimene ophunzira ankatsogolera, boma linatumiza ophunzira atsopano a Peking University ku sukulu ya asilikali ya ku Shijiazhuang kwa chaka chathunthu asanayambe maphunziro awo. A yunivesite ya Fudan ku Shanghai anawachitanso chimodzimodzi, ndipo zinatha mu 1993. Wodziwa zimenezi akamaona mizere ija amazindikira kuti kuguba kuli ndi ntchito yachiwiri, yophunzitsa wachinyamata wophunzira kumvera asanayambe kufunsa mafunso. Asilikali a ku China ali pansi pa chipani cha Chikomyunizimu, ndipo nyimbo ndi maphunziro a m'kalasi aja sizibisa zimenezo.

Mkangano wathu unabuka usiku wachisanu ndi chimodzi tikudya. Mnzathu wachinyamata woyang'anira hosteli anati tikabwerera tikapemphe kuti zimenezi ziyambe kwathu, chifukwa ana athu amaswa mawindo pa zionetsero, amazunza anzawo atsopano, ndipo nthawi saisunga. Mtsogoleri wa gulu lathu, bambo wachikulire amene watsala pang'ono kupuma pantchito, anaika timitengo todyera pansi.

"Mwana wanga, iwe unabadwa liti?"

"Mu 1995, bambo."

"Ndiye apayoniya sunawaone. Ine ndinawaona. Ankabwera kusukulu kudzatiphunzitsa kuguba ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ulimi ankaudziwa, misewu tinkalambula pa sabata ya achinyamata, zimenezo sindikana. Koma anthu omwewo, pamodzi ndi ayufi, ndi amene ankabweza mayi anga pachipata cha msika chifukwa analibe khadi la chipani. Zinatengera asilikali a boma kuwalanda mfuti pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Kumvera n'kwabwino, koma uyambe wafunsa kuti ukumvera ndani."

Mnyamatayo sanagonje. Anati si bwino kutaya nkhwangwa chifukwa inatemapo munthu, ndipo ena awiri anamuvomereza. Ine ndinali mbali ya bamboyo, ndipo ndidakali komweko. Ntchito yanga m'kalasi ndi kulimbikitsa mwana wa chaka choyamba, amene kusekondale anazolowera kungokopera notsi, kuti akweze dzanja anditsutse. Zimanditengera miyezi. Sindingafune kuti sabata zake zoyamba pasukulu zimuphunzitse kupempha chilolezo chokweza magalasi ake. Komabe sindingakane kuti ndinachita nsanje ndi mmene yunivesite ija imadziwira mwana aliyense watsopano ndi dzina, chipinda chake ndi matenda ake pofika tsiku lachitatu, pamene kwathu mwana wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amatha mwezi akusowa pogona popanda womufunsa.

Perete yotsekera tinaionera tsiku loti mawa tinyamuka. Magulu anadutsa kutsogolo kwa akuluakulu a yunivesite ndi a asilikali, mapazi akugunda pansi ngati phazi limodzi, mitu yonse itatembenukira kumanja. Makolo ena anaima kunja kwa mpanda atakweza mafoni. Ndinamufunafuna mtsikana wa magalasi uja koma sindinathe kumusiyanitsa ndi anzake. Nkhope zonse zinali zitada ndi dzuwa, ndipo zipewa zinaphimba zotsalazo.

Pa sitima yobwerera ku Guangzhou tinagwirizana zolemba m'lipoti la gulu. Tikupempha kuti sabata yolandirira ophunzira atsopano italikitsidwe kufika masiku 10, kuti ana agawidwe m'timagulu ta anthu osaposa 30 tosakaniza zigawo ndi maphunziro, kagulu kalikonse kakhale ndi wophunzira wamkulu wophunzitsidwa bwino, ndiponso kuti aliyense aphunzire chithandizo choyamba ndi zochita moto ukabuka kuhosteli. Za yunifolomu ndi kuguba sitinagwirizane. Asanu anakana, atatu anavomera, ndipo mtsogoleri wathu analamula kuti maganizo a mbali zonse ziwiri alembedwe mmene alili kuti akuluakulu a sukulu zathu akawawerenge okha.