Mmene ndinalowera m'makalata a Emily ndi Louisa

Ndimakhala ku Celbridge, m'chigawo cha Kildare, ndipo Lamlungu kukacha bwino ndimakonda kukawongola miyendo ku Castletown House, chinyumba chimene William Conolly anayamba kumanga mu 1722. Chaka chatha, pa kosi yamadzulo ya mbiri ya dera lathu, aphunzitsi anati aliyense alembe nkhani yochokera m'zikalata zenizeni zakale. Ine ndinasankha Louisa, amene anakwatiwa ndi Thomas Conolly mu 1758 ali ndi zaka 15 n'kumakhala m'nyumba imeneyi, ndi mkulu wake Emily wa ku Carton, kufupi ndi Maynooth. Nyumba zawo n'zoyandikana, komabe ankalemberana, ndipo ankalemberananso ndi abale awo Caroline ndi Sarah ku England.

Funso loyamba linali lakuti mapepalawo ali kuti. Ku Ireland kuno ukangotchula zikalata zakale, anthu amakuuza za moto wa ku Four Courts, nyumba ya makhoti ku Dublin, wa pa 30 Juni 1922, umene unapsereza nkhokwe ya zikalata za boma. Makalata a mabanja a eni malo ambiri sanali mmenemo. Ankasungidwa m'nyumba zawo zomwe, ena anapsera limodzi ndi nyumbazo pa nkhondo za pakati pa 1920 ndi 1923, ena anagulitsidwa, ena anaperekedwa ku malaibulale. N'chifukwa chake banja limodzi umalipeza litamwazikana. Mapepala a banja la Emily ena ali ku National Library of Ireland ku Dublin, ena ku PRONI, nkhokwe ya zikalata za boma la Northern Ireland ku Belfast. A banja la Conolly ali ku National Library yomweyo, ku Trinity College, ndi ku Castletown konko.

Ndisanakwere basi yopita ku Dublin ndinatha mlungu wathunthu ndikujambula mzere wa banja papepala lalikulu, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inandipulumutsa. Anthu awa ankasintha mayina ngati malaya. Emily anabadwa Lennox mu 1731. Atakwatiwa ndi James FitzGerald mu 1747 anakhala Countess of Kildare, mu 1761 Marchioness of Kildare, mu 1766 Duchess of Leinster. Poyamba ndinkafufuza ndi dzina lomalizali lokha, choncho zaka pafupifupi 20 za moyo wake zinkandidutsa. Amuna nawo ankasaina ndi dzina la udindo, kungolemba Kildare kapena Leinster, ndipo mwana wamwamuna wamkulu ankatchedwa ndi udindo wina wa bambo ake. Ukapanda kuyang'ana chaka, bambo ndi mwana umawayesa munthu mmodzi. Ndiye Emily anabereka ana 22, ambiri anamwalira ali aang'ono, ndipo mayina ena anabwerezedwa.

Aphunzitsi anandilangiza kuti ndiyambe ndi zosindikizidwa kale. Irish Manuscripts Commission inatulutsa makalata a Emily m'mabuku atatu pakati pa 1949 ndi 1957. Ndinawerenga amenewo kaye kuti makutu azolowere kalankhulidwe kawo, ndidziwenso kuti akatchula dzina lachibwana akunena ndani.

Khadi lowerengera la ku National Library silivuta kupeza. Umalembetsa pa intaneti, n'kupita ku Kildare Street ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chako, ndipo sulipira kanthu. Laibulaleyi inagundizana mpanda ndi Leinster House, kumene aphungu a dziko lino amakumana, ndipo imeneyo inali nyumba ya m'tauni ya Emily ndi mwamuna wake. Chipinda cha zolembedwa pamanja chili m'nyumba ina mumsewu womwewo. Zikalata umaitanitsiratu potchula nambala yake, imene umaipeza m'mndandanda wa pa webusaiti. Chikwama ndi jekete zimatsala m'loka, umalowa ndi pensulo basi, cholembera cha inki ayi. Mapepala a m'foda umawasiya mmene unawapezera, osasintha ndondomeko yake.

Tsiku loyamba ndinatha masamba anayi okha. Chingerezi ndimachidziwa, koma dzanja la m'zaka za m'ma 1700 ndi nkhani ina. Pali s wamtali wooneka ngati f. Mawu amawadula, zilembo zomalizira n'kuzikweza pamwamba. Zizindikiro zopumira n'zosowa, moti chiganizo chimachoka pa dzino la mwana, kupita pa mtengo wa nsalu, kukathera pa ndale osaima. Njira imene inandithandiza ndi iyi: ndinatenga kalata imene ndinaiwerenga kale m'buku, n'kumaiyerekeza mzere ndi mzere ndi ya pamanja, kwinaku ndikujambula m'kope mmene wolembayo amapindira chilembo chilichonse. Pofika ulendo wachitatu maso anali atatseguka.

Pepala lenilenilo limanenanso zimene buku silinena. Kunalibe envelopu. Kalata ankaipinda, n'kuimata ndi phula lokhala ndi chidindo, adiresi n'kuilemba kunja kwake. Pomatula, phulalo linkang'amba pepala, ndipo mawu ena anapita nalo. Sitampa isanabwere mu 1840, kawirikawiri wolandira ndiye ankalipira, molingana ndi mtunda komanso kuchuluka kwa mapepala. Koma aphungu ndi akuluakulu a maudindo anali ndi mwayi wotumiza ulere akangosaina kunja kwa kalata, ndipo abale ndi anansi ankadyera nawo mwayiwo. Choncho dzina la kunja silikhala la wolemba kalatayo nthawi zonse.

Madeti afunika kusamala. Chisanafike chaka cha 1752, chaka cha boma chinkayamba pa 25 Malichi, ndiye kalata ya Febuluwale 1749 kwa ife ndi ya 1750. Makalata ambiri alibe n'chaka chomwe, amangoti Lachinayi usiku, ndipo umachita kulondola ndi nkhani zake: mwana uti wabadwa, ndani wadwala. Pa ndalama ndiye ndinathokoza agogo anga, amene mpaka kumwalira kwawo ankawerengera m'mashilingi ngakhale kwacha inabwera mu 1971. Mapeni 12 shilingi imodzi, mashilingi 20 paundi imodzi. Chovuta n'chakuti mpaka 1826 Ireland inali ndi paundi yakeyake yopepukirapo, moti shilingi ya ku England inkasinthidwa ndi mapeni 13 a kuno.

Nkhani ya ndalama ili paliponse m'makalatawa, ndipo ndi imene inandigwira mtima kuposa madansi ndi zovala. Emily amatuma mwamuna wake katundu wa ku London, mwamunayo amadandaula za ngongole. Ukwati uliwonse unkayamba ndi maloya: mtsikana abweretsa ndalama zingati, akadzakhala wamasiye azidzalandira zingati pachaka, ana aang'ono adzagawana chiyani poti malo onse ndi a mwana wamwamuna wamkulu. Zonsezo zinkachokera ku lendi ya alimi, yotoleredwa kawiri pachaka. Alimiwo m'makalata a alongowa saoneka kwenikweni. Mayina awo ali m'mabuku a lendi, ndipo ndimaona kuti wolemba za mabanjawa osatsegula mabukuwo wamva mbali imodzi ya mlandu.

Izi sizikutanthauza kuti chikondi chawo chinali chabodza. Mwamuna wake atamwalira mu 1773, Emily anakwatiwa chaka chotsatira ndi William Ogilvie, mphunzitsi wa ana ake, anthu apamwamba n'kumamunena, koma abale ake sanamutaye. Ndipo pali kalata ya Louisa ya mu Juni 1798, imene ndinaiwerenga yosindikizidwa. Edward, mwana wa Emily, anali mmodzi wa atsogoleri a United Irishmen, gulu loukira ulamuliro wa Britain ku Ireland, ndipo anagwidwa atawomberedwa paphewa. Louisa anachonderera akuluakulu a boma mpaka mmodzi wa iwo, Lord Clare, anamuperekeza kundende ya Newgate ku Dublin usiku, pamodzi ndi Henry, mbale wake wa Edward. Wodwalayo anawazindikira. Anamwalira patangopita maola ochepa, pa 4 Juni. Louisa analembera Ogilvie, ndipo ine ndimamva ngati ankasankha mawu oti mayi wa mwanayo adzathe kuwapirira. Tsiku limenelo ndinatseka kope msanga.

M'makalata a Edward opita kwa mayi ake mumatulukanso dzina la Tony Small, munthu wakuda amene anathawa ukapolo ku South Carolina. Iyeyu anamutola Edward atavulala pa nkhondo ya ku Eutaw Springs mu 1781, n'kukhala wantchito wake mpaka mapeto. Timamumva kudzera m'cholembera cha bwana wake, mzere umodzi apa, wina apo. Ndinatsegula tsamba lapadera m'kope n'kumalemba deti la kalata iliyonse imene yamutchula, ndi kumene anali panthawiyo.

Nkhani yanga ndinaipereka ili ndi masamba 12, ndipo aphunzitsi analemba m'mphepete kuti gawo la alimi n'lopyapyala. Ananena zoona. Ndasungitsa kale tikiti ya sitima ya ku Belfast, ndipo nambala ya mapepala a banja la Leinster ku PRONI, D3078, ndailemba pachikuto cha kope.